Makadi Anali Awiri

"Makadi ndi awiri, achemwali, awiri basi. Lina langa ngati mwinimbumba, lina la bambo wa mwana. Chovuta kumva pamenepa n'chiyani?"

A Ramsey ananena zimenezi akugogoda tebulo ndi cholembera, ngati kuti ali ku ofesi kwawo ku Limbe osati m'kanyumba ka mlongo wawo ku Bangwe. Makadiwo anali patebulo pomwepo, oyera, a zilembo zagolide, ndipo onse m'nyumbamo ankawayang'ana ngati nthuli ziwiri za nyama pakati pa anthu anayi anjala.

Mayi Evelina anali atangofika kuchokera kokaswa miyala, fumbi lili mbuu m'duku mpaka m'zikope. Anakhala pansi pafupi ndi chitseko, popeza mipando yonse iwiri inali ndi alendo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tithokoze, anali atamaliza maphunziro a ku yunivesite, ndipo mwambo wolandira digiri unali utatsala milungu itatu. Wophunzira aliyense anapatsidwa makadi awiri oitanira abale. Wopanda khadi sankaloledwa kuponda m'holo.

"Achimwene, mwanayu ndinabereka ndine," anatero Mayi Evelina, mawu ali pansi. "Sindikulimbirana ulemu ndi munthu. Ndikungofuna ndikamuone ndi maso angawa akulandira pepala lakelo."

A Ramsey anaseka kaseko ka munthu amene akulankhula ndi mwana. Paja pa nkhani ya miyambo ya madigiri iwo ndiwo anali katswiri wa banja lonse. Anali atapitako kanayi, kuperekeza ana a mabwana awo, ndipo alendo olemekezeka amene analankhula pa miyamboyo ankawapatsa malikisi ngati mphunzitsi. Wolankhula weniweni, malinga ndi a Ramsey, ndi amene Chingerezi chake chimachititsa ngakhale mapulofesa kuyang'anana. Aziponyamo Chilatini apa ndi apo, ndipo asakhale pansi ola lisanakwane. Wa chaka chatha anamupatsa naini pa teni, chifukwa iwo eni ake sanatolepo kanthu kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Wa chaka chino ankamukayikira kale, poti anamva kuti ndi mayi, Dokotala Magdalena Mulewa, pamene sipichi ya tsiku ngati limeneli imafuna mawu a besi.

"Ndiye inu mukakhala m'menemo maola atatu mukamva chiyani?" anafunsa. "Kumeneko si ku chinkhoswe kuti mukaimba nthungululu. Kuli dongosolo. Ngakhale kutsokomola kumene munthu amayamba waganiza."

"Digiri saimva ndi makutu, achimwene. Amaiona."

Apa a Nedson Muhara anakonza kukhosi. Awa ndiwo anali bambo wa mwana, ndipo anakhalira mpando wabwinowo atapingasa miyendo, nsapato ikuwala. Anachoka pakhomopo Tithokoze ali sitandade 3, nakakwatira ku Zingwangwa, ndipo njira ya ku Bangwe anaikumbukira mwezi wathawu atamva kuti mwana wakhoza. Ananena mofatsa kwambiri, ngati m'busa, kuti iwo sakonda mikangano, koma dzina limene likaitanidwe m'holomo ndi Muhara, ndipo sizingaoneke bwino kuti dzina limveke mwiniwake ali kunyumba.

Mayi Evelina anawayang'ana mwamuna wawo wakaleyo. Mawu anali tho m'kamwa, koma anawameza chifukwa cha mwana.

"Komanso taonani mmene mwawapatsira moni alamuwa mutalowa," anapitiriza a Ramsey. "Munthu akupatsani dzanja, inu mwapinda chikhatho n'kupereka mkono. Ndiye mukakumana ndi mapulofesa mukapereka chigongono?"

Zimenezi zinalasa pamtima chifukwa zinali zoona. Zaka khumi ndi zinayi za hamala zinasandutsa manja a Mayi Evelina kukhala okhakhala ngati khungwa la mtengo wa mango, ong'aluka, zikhadabo zothetheka. Ndiye anazolowera kuti munthu wooneka bwino akawapatsa moni, ankapinda dzanja n'kupereka mkono, monga amachitira munthu amene wapezeka akutumbula nsomba. Ankatero ngakhale Lamlungu atasamba ndi sopo.

Ataona kuti mlongo wawo sanavomere, a Ramsey anatulutsa nzeru ya masiku amenewo. Anati ino ndi nyengo ya matipate, zokakamizana zinatha ndi chipani chimodzi, choncho nkhaniyi ithe ndi voti. Ofuna kuti makadi apite kwa amuna awiriwo akweze manja. Anakweza iwo eni, a Nedson nawo anakweza. Ofuna kuti Mayi Evelina apite akweze. Dzanja limodzi lokhakhala lija linakwera pang'onopang'ono, lokhalokha. Tithokoze, amene anali ataima pakhomo la kuchipinda, maso ake anali pa simenti, manja onse awiri atawapinda pamimba.

"Awiri kwa mmodzi, wina sanavote," analengeza a Ramsey akuika makadi m'thumba la jekete. Demokalase inafika motero m'nyumba ya Mayi Evelina, ndipo inachoka ndi makadi onse awiri.

Chimene chinawawawa mayiwo si mlongo wawo ayi, a Ramsey anali otero chibadwire. Chinawawawa ndi manja a mwana wawo amene sanakwere.

M'mawa mwake analawirira ku miyala osalankhula ndi munthu. Malo awo anali m'mbali mwa msewu, kumunsi kwa phiri, pamene amayi asanu ndi awiri ankakhala aliyense ndi mulu wake, kuswa miyala ikuluikulu kuti ikhale ya konkire, kudikira omanga nyumba. Dzuwa litafika pamutu, Tithokoze anatulukira atanyamula chigubu cha madzi ndi mbatata yophika. Anagwada pambali pa mayi ake, koma iwo anapitiriza kumenya mwala ngati sanamuone.

"Amayi, ndilankhuleni. Ngakhale kundikalipira kumene."

"Ndikukalipire chiyani? Unavota bwino. Munthu wophunzira salakwitsa."

Mtsikanayo anayamba kulira, ndipo m'kulira momwemo nkhani inatuluka. Amalume ake anamuuza kuti bwana wa kampani yawo adzakhalapo pa mwambowo, chifukwa naye mwana wake akulandira digiri. Analonjeza kuti mwambo ukangotha adzamutengera kwa bwanayo, ndipo ntchito idzapezeka pomwepo. Koma anati bwanayo ndi munthu woona za banja limene munthu akuchokera, ndiye pafunika pakaoneke bambo wa suti ndi malume wa suti. Akakana, iwo asamba m'manja.

"Amayi, anzanga amene anamaliza chaka chatha ndi cha dzana mpaka lero akungozungulira m'tauni ndi maenvelopu a khaki. Nsapato zinatha. Ine ndimafuna ndipeze ntchito msanga kuti inu muisiye hamalayi. Ndinaopa. Koma nenani mawu amodzi okha, ndikalanda khadi limodzi lero lomwe."

Hamala inaima. Mayi Evelina anamuyang'ana mwana wawo, wowonda, wamaso ofiira, atavala bulauzi yomwe ija anapita nayo ku koleji chaka choyamba. Mkwiyo unawathera, m'malo mwake munalowa chisoni chozizira. Kodi miyala yonseyi ankaswera chiyani? Kuti akakhale pampando wa m'holo maola atatu, kapena kuti mwana adzadye zake? Walira mvula walira matope. Anafuna mwana wophunzira, ndiye nawa matope ake.

"Asiyire makadiwo," anatero. "Pukuta m'maso, anthu akuona. Udzandifotokozera ukadzabwera."

Tithokoze atapita, mnzawo wa mulu woyandikana nawo, Mayi Veronica, amene makutu awo sankaphonya kanthu ngakhale mahamala asanu ndi awiri akulira, anasendera pafupi. Nkhani inafalikira mulu ndi mulu, ndipo aliyense anali ndi maganizo ake. Wina anati miyambo imeneyi ndi ya anthu a magalimoto, osauka amangokachita manyazi. Wina anati anamvetserapo pa wailesi, palibe chachilendo, mayina amangoitanidwa ngati ku sikelo ya ana. Wina anati olankhula ake onse ndi amodzi, amauza ana kuti ndinu atsogoleri a mawa, koma mawalo silifika.

"Zonsezo n'zakumva," anatero Mayi Veronica. "Amake Titho, kandimverere anakanena za m'maluwa. Achimwene anuwo akadzabwera adzakuuzani za Chilatini, za mwana wanu ayi. Khadi ndi la m'kati. Kodi panja napo pali khadi? Pitani mukaime panja. Akamatuluka atavala gauni, maso anu adzatseka ndani?"

Mawu amenewa anamera. Kwa milungu iwiri Mayi Evelina anawasinkhasinkha akuswa miyala, ndipo Lamlungu lomaliza anauza a Ramsey kuti adzapita, adzakhala panja. A Ramsey anakanda m'mutu, naona kuti msewu wa boma sangauletse munthu. Anangoika malamulo awiri: nthungululu ayi, ndipo bwana akakhala pafupi, achemwali adzaime patali ngati sakudziwana. Mayi Evelina anavomera zonse ziwiri.

Tsikulo linali Loweruka, mwezi wa Okutobala, kukutentha kuyambira m'mawa. Tithokoze anatsogola ndi amuna awiri aja pa takisi imene a Nedson anabwereka kuti anthu a ku Bangwe aone. Mayi Evelina anatulutsa m'sutikesi chilundu chobiriwira chimene anasoketsa mwana atangosankhidwa kupita ku yunivesite, nachisunga zaka zinayi osachivala. Anadzola mafuta m'manja kawiri, koma manja anangomwa mafutawo n'kukhala chimodzimodzi. Anakwera minibasi mpaka ku Limbe, n'kukwera ina yolowa m'tauni.

Atafika anadabwa. Ankayesa kuti adzakhala okha panja ngati wolakwa, koma pansi pa mitengo ya jakaranda kutsogolo kwa holoyo panali khamu, ndipo ambiri anali azimayi a maduku ndi nkhalamba za majekete akale. Ena anachokera ku Ndirande, ena ku Machinjiri, ena kutali ku Phalombe atanyamuka dzulo lake. Zitseko zinali zotseka, alonda ataima, ndipo pamtengo wina anamangirirapo chokuzira mawu kuti akunja azimvako. Anayala chitenje pamthunzi nakhala pansi.

Posakhalitsa panafika mayi wina wachikulire, wa imvi, wamfupi, atavala diresi wamba ndi nsapato zansalu. Anapempha kukhala nawo pachitenjepo, kenako anatambasula dzanja kupereka moni. Mayi Evelina, mwachizolowezi, anapinda chikhatho n'kupereka mkono.

"Ayi, ndipatseni dzanja," anatero mlendoyo. "Mkono ndi wa dokotala wofuna kubaya jakisoni."

Anagwira chikhathocho, ndipo sanachisiye msanga. Anachitembenuza, nayendetsa chala chake m'ming'alu muja. Anafunsa ntchito imene amagwira, ndipo atamva kuti ndi yoswa miyala ku Bangwe anangogwedeza mutu. Anafunsanso ngati mwana ali m'kati.

"Ali m'kati. Tithokoze, mwana wanga mmodzi yekhayo."

"Nanga inu mukutani kunja kuno?"

"Makadi anali awiri, amayi."

"Anapita kwa yani?"

"Kwa oyenera. Odziwa Chingerezi."

Mlendoyo sanafunse zambiri, koma nkhope yake inali yoti munthu umangopezeka ukuulula. Mayi Evelina, poganiza kuti apeza mnzawo womanidwa khadi, anamasuka. Anamutonthoza kuti asadandaule, m'katimo sakutayamo kanthu. Achimwene awo, amene amazidziwa bwino zinthu zimenezi, anati wolankhula wabwino ndi amene anthu sakumumva, komanso wa lero ndi mayi, ndiye sipichi yake idzakhala yopanda mchere, mwina folo pa teni. Mlendoyo anaseka mpaka kupukuta misozi, nafunsa kuti nanga iwo eni akadakonda wolankhulayo anene chiyani.

Mayi Evelina anaganiza kaye. Palibe munthu anali atawafunsapo funso lotere.

"Ine sindidziwa za masipichi. Koma akadakhala munthu womva, akadangonena kuti atsegule chitseko pang'ono. Mpando sitikufuna. Tingoona."

Nthawi yomweyo kunabwera mayi wina wa suti yabuluu akuthamanga, nsapato zazitali zikugogoda, thukuta lili kamukamu. Anafika n'kupinda mawondo pamaso pa mlendo uja.

"Adokotala, takufunani ponseponse. Gauni lanu lili m'kati, akuluakulu onse akudikira inu."

Mlendoyo anadzuka, nasansa maluwa a jakaranda pa diresi lake. "Mundisungire malo," anawauza Mayi Evelina. "Folo pa teni ndi yochepa, ndikayesetsa ndifike pa faifi."

Apo m'pamene Mayi Evelina anazindikira kuti mnzawo wa pachitenje uja ndiye wolankhula wa lero. Akadakhala ndi hamala yawo akadakumba dzenje pomwepo n'kulowamo. Akulu ananena kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, koma wawo mlomo sunadikire n'komwe kuti achoke. Mantha anawagwira kuti mwina amuonongera mwana zonse, poti dzina lake analitchula.

Mwambo unayamba. Chokuzira mawu chinatulutsa nyimbo, pemphero, kenako mawu a amuna awiri atatu amene akunja sanatolepo kanthu. Ena anayamba kuwodzera, ena kusenda nthochi. Ndiye anamveka mawu aja, omwe aja a pachitenje. Analankhula Chingerezi mphindi zochepa, chosalala, chosathamanga. Kenako kunamveka kaphokoso ka pepala likupindidwa, ndipo mawuwo anatembenukira m'Chichewa. Pansi pa mitengo ponse anthu anatchera khutu.

"Akuluakulu mundikhululukire, zimene ndinalemba zija mukawerenga m'nyuzipepala. Ndisanalowe muno ndinakhala kaye panja. Ndimatero pa mwambo uliwonse wotere, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Panjapo ndagwira dzanja la mayi wina. Anafuna kundipatsa mkono chifukwa dzanja lake amachita nalo manyazi. Ndine dokotala, manja ndagwira ambiri, koma limenelo landiuza mbiri yonse ya digiri ina imene iperekedwe muno lero. Dzina sinditchula. Si mmodzi. Panjapo pali manja a makala, a khasu, a zitumbuwa, a zochapa za anthu ena. M'kati muno ndikuona masuti."

M'holomo munamveka kuseka pang'ono, kwa anthu osadziwa ngati akuyenera kuseka.

"Musaseke, ana anga, chifukwa woyamba kulakwa ndine. Mayi anga ankagulitsa nkhuni ku Chilomoni. Tsiku langa litafika ndinayang'ana mapazi awo, ndinayang'ana khadi, ndipo khadilo ndinapatsa munthu wa nsapato. Ndinati ndidzawafotokozera ndikabwera. Sanadandaule, anandiphikira nkhuku. Anamwalira chaka chotsatira asanandione nditavala gauni. Lero madigiri ndili nawo atatu, ndachiza anthu osawerengeka, koma chilonda chimenecho mankhwala ake sindinawapeze."

Mayi Evelina anapezeka akulira, osadziwa kuti ayamba liti. Sankalirira iwo eni. Ankalirira mayi wa nkhuni amene sanamuonepo, komanso mwana wawo amene anali m'katimo akumva zimenezi ali pakati pa anthu.

Dokotalayo anati sakunyoza masuti, ena mwa ovala masutiwo anavutikadi ndi ana awo ndipo Mulungu awadalitse. Anati sangauze munthu kuti achoke pampando, aliyense mtima wake ukumuuza kale. Koma anawapatsa ophunzirawo mayeso omaliza, opanda cholembera: akatuluka, agwire dzanja la amene anamupatsa khadi, kenako agwire la amene anamusiya panja, ndipo adzadziwa okha dzanja limene linalemba digiriyo. Anawauzanso kuti m'maofesi mmene akupitamo mudzabwera anthu opereka mkono m'malo mwa dzanja, ndipo maphunziro awo adzaoneka pa mmene adzawalandirire.

"Tsopano ndili ndi pempho limodzi kwa akuluakulu a mwambo uno. Si langa, ndatumidwa ndi mnzanga wa pachitenje. Akuti mpando sakufuna. Akuti mutsegule zitseko, angoona."

Kenako m'holomo munabuka kuwomba m'manja, koyamba kochepa, kenako ngati mvula pa malata. Alonda anayang'anana, wina anathamangira m'kati, nabwerako akugwedeza mutu movomera. Zitseko zazikulu zam'mbali, zitatu mbali iyi, zinatseguka.

Khamu lija silinathamange kapena kukankhana monga a Ramsey akadayembekezera. Anthu anasendera mwaulemu, aafupi kutsogolo, ena atagwada kuti anzawo aone, ndipo palibe anaponda m'kati. Mayi Evelina anapezeka pa chitseko chapakati. Anaona nsanja, maluwa, akuluakulu a mikanjo yofiira, ndi mnzawo wa pachitenje uja ali pakati pawo, chipewa chofewa chili pa imvi. Anaona mizere ya ana ovala zakuda, mazanamazana. Chapakati anaona dazi la a Ramsey likuwala ndi thukuta, ndi a Nedson pambali pawo akuwerenga pulogalamu mwakhama ngati muli nkhani yatsopano.

Mayina anayamba kuitanidwa. Oyambirira anadutsa mwa dongosolo lija a Ramsey ankanena, m'manja pang'ono basi. Koma dzina lina litatchulidwa, gogo wina pa chitseko choyamba analephera kudzigwira, nayimba nthungululu yaitali yonjenjemera. Palibe anamuletsa. Pansanja paja Dokotala Mulewa anamuwombera m'manja gogoyo. Kuyambira pamenepo dzina lililonse linali ndi mwini wake, m'kati kapena kunja, ndipo holo ija inasanduka malo a chisangalalo m'malo mwa khoti.

"Tithokoze Muhara."

Anamuona. Anamuona akukwera masitepe, gauni likukupiza, chipewa cha ngodya zinayi chitapendekeka pang'ono chifukwa cha tsitsi. Anamuona akugwada, akudzuka, akulandira pepala lokulungidwa. Ndipo asanatsike, mwanayo anatembenuka, osayang'ana kumene kunali bambo ake ndi amalume ake, koma kuzitseko, maso akusakasaka. Lamulo loyamba la a Ramsey linathera pomwepo. Nthungululu imene inatuluka pakhosi pa Mayi Evelina inali ya zaka khumi ndi zinayi, ndipo azimayi osawadziwa n'komwe anailandira kumanja ndi kumanzere. Tithokoze anakweza pepala lija m'mwamba, nkhope itanyowa.

Chimwemwe chimene anamva mayiwo chinali choti ngakhale akadauzidwa kuti abwerere ku Bangwe wapansi, akadayenda akuimba.

Mwambo utatha, anthu anakhuthukira panja. Mayi Evelina anakumbukira lamulo lachiwiri, nabwerera pansi pa mtengo wawo kuti aime patali. A Ramsey anatulukira akupukuta dazi ndi mpango, a Nedson ali pambuyo manja onse ali m'matumba, ndipo sanawatulutsemo. Pofuna kubisa manyazi, a Ramsey anayamba kupereka malikisi. Anati sipichi yopanda Chilatini, yosakwana ndi theka la ola lomwe, komanso ya m'Chichewa ngati msonkhano wa mpingo. Anaima kaye, nayang'ana kumbali.

"Komabe mayi uja amalankhula," anamaliza motsitsa mawu. "Ndamva zonse. Vuto lake ndi limenelo."

Tithokoze anatulukira akuthamanga, gauni atalikwinya m'manja. Asanafike n'komwe kwa mayi ake, amalume ake anamugwira paphewa. Bwana uja anali apo, pafupi ndi galimoto yoyera, akujambulitsa ndi banja lake, ndipo akanatha kunyamuka nthawi iliyonse. A Ramsey anati tiye msanga, iwe ndi bambo ako. Achemwali adikire pomwepa.

Mayi Evelina anamuuza mwana wawo ndi maso kuti pita, zanga zatheka kale. Koma Tithokoze anachotsa dzanja la amalume ake paphewa mwaulemu, nagwira dzanja la mayi ake, chikhatho kwa chikhatho, ndipo anagwiritsa.

"Amalume, tsiku lija sindinavote. Ndikuvota lero. Ngati ntchitoyo ikufuna kuti ndikhale wopanda mayi, ikhale."

"Titho, usataye mwayi chifukwa cha ine," ananong'ona mayiwo. Koma mwanayo anali atayamba kale kuyenda, akuwakoka, ndipo a Ramsey analibe chochita koma kutsatira. A Nedson anatsalira pamthunzi, akuti akuyang'anira chitenje.

Bwanayo anali wamtali, wonenepa, wa magalasi. A Ramsey anayamba Chingerezi chawo cha ku ofesi, mawu akuphonyaphonya, koma Tithokoze anawadula mofatsa.

"Bwana, ine ndine Tithokoze, a Ramseywa ndi amalume anga. Awa ndi mayi anga. Amaswa miyala ku Bangwe. Ndiwo andiphunzitsa."

Bwanayo anatambasula dzanja. Chizolowezi n'chinthu choopsa: chikhatho cha Mayi Evelina chinayamba kupindika chokha, mkono ukutsogola. Anachiona chikupindika, naona mwana wawo akuwayang'ana. Anachitambasula, chonse, ndi ming'alu yake, nagwira dzanja la bwanayo monga amagwirira mpini wa hamala.

Linali lofewa ngati buledi wa lero. Bwanayo anatsinzina pang'ono ndi ululu, koma sanalichotse. Anayang'ana pansi pa manja awiriwo, kenako anabweretsa dzanja lake lamanzere n'kuphimba pamwamba.

"Mayi," anafunsa, "kodi ndi dzanja lija amanena adokotala?"

Za ntchito Mayi Evelina sankadziwa ngati ipezeka kapena ayi, ndipo Lolemba mulu wa miyala unali kuwadikira. Koma anaimika mutu, namuyang'ana bwanayo m'maso.

"Ndi lomweli, bwana."